Khoma Nalo Limaiwala

  Dzuwa lafika poswa mtengo, mango ayamba kupsa, ndipo madzulo mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri. Posachedwa mvula igwa, ndipo mvula ikagwa tonse tikudziwa mlendo amene amabwera nayo. Nkhani yathu lero ndi ya malungo, makamaka ya kupopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba zathu.

Kumadrasa kumene ndimaphunzitsa timasunga kaundula wa maina a ana. Mukatsegula masamba a Seputembala ndi Okotobala mupeza kuti ana amabwera bwino ndithu, ojomba ndi owerengeka. Koma mukafika pa masamba a Febuluwale ndi Malichi muona mipata yokhayokha. Ukafunsa kuti uje ali kuti, anzake amayankha kuti, "Mwalimu, watentha thupi." Mawa lake umva kuti wina wagonekedwa kuchipatala, akumuwonjezera magazi. Ambiri amachira n'kubwerera, ali ofooka, sura zimene adaloweza zitabalalika m'mutu. Koma si onse amene amabwerera.

Zaka zingapo zapitazo ndidaphunzitsa kamtsikana kena ka zaka 6, kochangamuka, kamene kadali katangomaliza zilembo za Chiarabu n'kuyamba kuloweza sura zifupizifupi. Lachiwiri kadali nafe pamphasa, Lachinayi kadayamba kukomoka, ndipo Loweruka pambuyo pa swala ya masana tidakakasiya kumanda. Patapita masiku bambo ake adandiuza kuti chaka chimenecho opopera mankhwala atafika pamudzi iwo adali pa nyanja. Mayi a mwanayo adaopa kutsegula nyumba popanda mawu a amuna awo, ndipo nyumba zina zoyandikana nazo zidakananso. Ine sindinganene kuti nyumbayo ikadapoperedwa mwanayo akadakhala ndi moyo, pakuti nthawi ya munthu aliyense amaidziwa ndi Allah yekha. Koma mawu a bambowo sadandichoke m'makutu. Adati, "Mwalimu, likadangokhala tsiku limodzi lokha losapita ku nyanja."

Mankhwala a pakhoma amagwira bwanji ntchito?

Ambiri a ife timaganiza kuti opopera amabwera kudzapha udzudzu umene uli m'nyumba tsiku lomwelo, monga m'mene timachitira ndi mankhwala a m'chitini ogula kugolosale. Ayi, cholinga chawo si chimenecho. Iwo amapaka mankhwala pa makoma ndi kunsi kwa denga kuti akhale pamenepo miyezi ingapo, kudikira udzudzu umene udzabwere.

Udzudzu wofalitsa malungo ndi waukazi, wa mtundu wa Anopheles, ndipo umaluma makamaka usiku. Kuno kunyanja tili ndi mitundu iwiri yovuta. Wina umaswana m'zithaphwi za mvula ndi m'minda ya mpunga. Wina, wotchedwa funestus, umaswana m'madambo ndi m'mabango momwe madzi saphwa, n'chifukwa chake malungo kwathu kuno satha ngakhale m'chilimwe. Udzudzu umenewu ukayamwa magazi umalemedwa, suuluka kupita patali, umangotera pakhoma kapena kudenga n'kupuma. Ukayamwa magazi a munthu wodwala, tizilombo ta malungo timafuna masiku pafupifupi 10 mpaka 14 tili m'mimba mwa udzudzuwo tisanakhwime mokwanira kupatsira munthu wina. M'masiku amenewo udzudzuwo umaluma pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo ukaluma umateranso pakhoma. Khomalo likakhala ndi mankhwala, udzudzu umafa tizilombo tija tisanakhwime.

Tsono taonani chinthu ichi. Udzudzu umene wafera pakhoma la nyumba yanga nthawi zambiri umakhala utandiluma kale. Amene wapulumuka ndi mwana wa mnansi wanga, amene ukadamuluma sabata yamawa. Chimodzimodzinso, khoma la mnansi wanga ndi limene likuteteza ana anga. Ichi n'chifukwa chake a zaumoyo amanena kuti ntchitoyi siipindula pokhapokha nyumba zosachepera 80 pa nyumba 100 zilizonse m'dera zitapoperedwa. Nyumba iliyonse yokana imasanduka malo obisalamo udzudzu wa mudzi wonse. Ife Asilamu timaphunzitsidwa kuyambira tili ana kuti mnansi ali ndi gawo lake pa ife. Pa nkhani iyi, kutsegulira opopera ndi njira imodzi yomupatsira mnansi gawo lakelo.

Chifukwa chake nthawi ili yofunika

Mwalimu aliyense amadziwa kuti mwana akaloweza sura lero, osaibwereza, ikatha miyezi itatu amakhala ataitaya. Kuloweza ndi theka la ntchito, theka linalo ndi kubwereza. Khoma nalo limaiwala. Mphamvu ya mankhwala imachepa pang'onopang'ono chifukwa cha kutentha, utsi, fumbi ndi dothi lenilenilo. Mankhwala amene akhala akugwiritsidwa ntchito m'zaka zaposachedwapa amakhala ndi mphamvu miyezi inayi, isanu ndi umodzi, ena kupitirirako pang'ono, ndipo khoma la dothi kawirikawiri limawamwa msanga kuposa khoma la simenti. Palibe mankhwala opopera kamodzi n'kukhala moyo wonse.

Choncho opopera amayenera kufika mvula itatsala pang'ono kuyamba, cha mu Okotobala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, kuti mphamvu ya mankhwala ikumane ndi miyezi imene malungo amavuta kwambiri, kuyambira Januwale mpaka Epulo. Akafulumira kwambiri, mankhwala amatha mphamvu udzudzu ukadali wambiri. Akachedwa, amapeza udzudzu utaswana kale, ana atagona kale m'zipatala, misewu itaduka. Ife amene timayang'ana dzuwa kasanu pa tsiku kuti swala isatidutse sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Swala ya Subuhi ili ndi nthawi yake, ndipo woiswali dzuwa lili pamutu sangafanane ndi amene adadzuka m'bandakucha.

Palinso choopsa china pa kudumphitsa chaka. Munthu amene wakula akudwaladwala malungo thupi lake limazolowerako pang'ono, kotero kuti akadwala sizifika poipa msanga. Mudzi ukakhala zaka zingapo malungo atachepa, kuzolowera kumeneku kumachepanso, ndipo ana obadwa m'zaka zimenezo amakula asanakumane nawo kwenikweni. Kupopera kukaima mwadzidzidzi popanda china cholowa m'malo mwake, udzudzu umachulukanso msanga n'kupeza anthu amene matupi awo sali okonzeka.

Zimene zidachitikira anzathu

Izi si zongoganizira. Mu 1955 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidayambitsa ntchito yaikulu yofuna kuthetseratu malungo, makamaka popopera mankhwala a DDT m'nyumba. Pa chilumba cha Sri Lanka, chimene nthawi imeneyo chinkatchedwa Ceylon, ntchitoyi idayenda bwino kwambiri mwakuti mu 1963 m'dziko lonselo mudapezeka odwala malungo 17 okha. Akuluakulu adaona ngati nkhondo yatha, ndipo kupopera kudaimitsidwa. Pofika 1969 odwala adapitirira 500,000 m'chaka chimodzi. Dzikolo lidayambiranso pachiyambi, ndipo lidadikira mpaka 2016 kuti WHO ilengeze kuti malungo atha kumeneko.

Pafupi ndi ife pali Zanzibar, kumene ena mwa amene adabweretsa Chisilamu kuno kunyanja adachokera. Kumenekonso malungo adachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha kupopera ndi mankhwala akumwa. Ntchitoyo idasiyidwa mu 1968, ndipo patangopita zaka zochepa malungo adabwereranso monga kale. Abale athuwa adayambanso kupopera mu 2006, pamodzi ndi kugawa masikito ndi mankhwala atsopano ochizira, ndipo malungo adatsikanso kwambiri. Anthu ake ndi omwewo, udzudzu ndi womwewo. Kusiyana kwake kudali pa kulimbikira kapena kulekeza. Mu 2012 akatswiri ena adafufuza nthawi 75 zimene malungo adabukanso atachepa m'maiko osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti pa nthawi 68 mwa zimenezo kufooka kwa ntchito yolimbana ndi malungo kudali chimodzi mwa zifukwa zake.

Kuno kwathu kupopera m'nyumba kudayamba ku Nkhotakota mu 2007 ndi thandizo la boma la America. Mu 2010 ntchitoyi idafika m'maboma enanso: Salima, Mangochi, Nkhata Bay, Karonga, Chikwawa ndi Nsanje. Koma padabuka vuto. Udzudzu uja wa funestus udayamba kupima mankhwala amene ankagwiritsidwa ntchito, osafanso monga kale. Mankhwala ena amene adayesedwa adali okwera mtengo komanso osakhalitsa pakhoma, ndipo cha mu 2012 ntchito ya ku Nkhotakota idaima. Idayambiranso mu 2018 atapezeka mankhwala okhalitsa, ndipo mu 2019 kupopera kudachitikanso ku Mangochi ndi thandizo la thumba la Global Fund, kenako ku Balaka ndi ku Nkhata Bay. Nkhani ya kupima kwa udzudzuyi ndi imene imachititsa kuti mankhwala azisinthidwasinthidwa. Mukaona kuti a chaka chino fungo lake ndi losiyana ndi a chaka chatha, musaganize kuti akunamizani. Amasintha dala kuti udzudzu usazolowere mtundu umodzi.

Mbiri yathuyi ikutiphunzitsa kuti opopera si mvula yoti imabwera chaka chilichonse. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lakhala likuchokera kunja. Choncho chaka chimene afika pamudzi panu, ndi mwayi wosayenera kuutaya. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Zifukwa zimene timakanira

Ndakhala ndikumva zifukwa zambiri pabwalo la mzikiti, ndipo sindikuzinyoza, chifukwa ena amene amazinena ndi akuluakulu anga.

Ena amati mankhwalawa amabweretsa nsikidzi. Zoona zake n'zakuti mankhwala sabereka nsikidzi. Nsikidzi zimakhala zilimo kale m'ming'alu ya khoma ndi m'mabedi, ndipo zikasokonezedwa zimatuluka n'kuonekera. Nsikidzi imasowetsa tulo, n'zoona, koma siipereka malungo. Tizithane nazo pothira madzi otentha pa bedi, kuyanika zofunda padzuwa ndi kutseka ming'alu opopera asanabwere.

Ena amati, "Adapopera koma udzudzu ukadalipo." Udzudzu wambiri umene umalira m'khutu ndi wa mtundu wina, woswana m'zimbudzi ndi m'madzi oipa, ndipo sufalitsa malungo. Komanso ena mwa mankhwala atsopano sapha pompopompo, udzudzu ukawakhudza umafa patapita tsiku kapena masiku angapo. Muyeso wa ntchitoyi si phokoso la usiku, koma kuchuluka kwa ana odwala.

Ena amafunsa ngati mankhwalawa si najisi, ndiponso ngati n'kotheka kuswali m'chipinda chopoperedwa. Mankhwalawa sali m'gulu la zinthu za najisi. Ndi poizoni wa tizilombo, choncho tiwasamale monga poizoni, koma akauma pakhoma salepheretsa swala.

Ena amati mankhwalawa amatha mphamvu za abambo kapena kutseka mimba za amayi. Abale anga, ku Nkhotakota kudayamba kupoperedwa mu 2007, ndipo kusikelo ya ana kumadzazabe. Chimene chimachotsadi mimba, kubadwitsa ana osakwana masiku ndi kumaliza magazi a mayi woyembekezera ndi malungo amene.

Chifukwa cholemera kuposa zonse ndi cha ulemu wa nyumba. Bambo safuna kuti mwamuna wachilendo alowe kuchipinda kwake iye kulibe, ndipo mayi safuna kukhala yekha ndi mlendo. Khalidwe limeneli ndi labwino, ndipo sindikuti tilitaye. Koma dziwani kuti pa nthawi yopopera aliyense wa m'nyumba amakhala panja, wopopera amalowa yekha m'nyumba yopanda munthu. M'magulu a opopera mumakhalanso amayi. Tsiku lopopera limalengezedwa msanga kudzera kwa mfumu ndi alangizi a zaumoyo, choncho bambo akhoza kukhalapo yekha, kapena kusiya mawu omveka kwa akazi awo ndi kupempha mchimwene kapena malume kuti adzaime pakhomo. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Enanso amachita manyazi kutulutsa katundu wawo poopa kuti anthu aona umphawi wawo. Pamudzi timadziwana kale, ndipo mphasa yong'ambika si chamanyazi pamaso pa Allah.

Zoyenera kuchita tsiku lopopera

M'mawa tulutsani ufa, mpunga, nsomba zouma, madzi akumwa, mapoto, mbale, zovala, zofunda ndi miswala. Qur'an ndi mabuku ena a chipembedzo akulungeni bwino n'kuwaika pamalo aulemu panja. Katundu wolemera amukokere pakati pa chipinda n'kumufunditsa. Nkhuku, abakha ndi amphaka zikhale kutali. Ngati m'nyumba muli wodwala amene sangathe kutuluka, uzani opopera kuti mugwirizane tsiku lina, osangoti basi chaka chino zatidutsa.

Akamaliza kupopera, nyumba ikhale yotseka kwa maola awiri, kenako mutsegule zitseko ndi mazenera kwa theka la ola kuti mphepo ipite musanalowetse ana. Sesani tizilombo takufa n'kutitaya m'chimbudzi kapena kutikwirira m'dzenje. Musatipatse nkhuku, ndipo musatitaye m'nyanja kapena mumtsinje, chifukwa mankhwalawa ndi oipa kwa zamoyo za m'madzi. Wina akamva kuyabwa asambe ndi sopo, ndipo zikapitirira apite kuchipatala.

Chachikulu ndi ichi: khoma likapoperedwa musalizire, musalipake laimu kapena penti, musalitsuke, mpaka nyengo ya malungo itadutsa. Apa ndipamene ife Asilamu tiyenera kuchenjera. Zaka zino mwezi wa Ramadhani ndi Idi yake zikugwa m'nyengo ya mvula, ndipo amayi athu, Allah awalipire zabwino, amafuna kuti pa Idi nyumba iwale. Mayi akazira khoma mu Febuluwale kapena mu Malichi, amakwirira mankhwala onse pansi pa dothi pa nthawi yeniyeni imene udzudzu wachuluka. Tiyeni tisinthe ndondomeko: kuzira ndi kupaka laimu tichitiretu panopa, opopera asanabwere. Pa Idi tidzasese, tidzazire pansi ndi pakhonde, koma makoma a m'kati tiwasiye.

Inu amashehe ndi aphunzitsi anzanga, lengezani tsiku lopopera pambuyo pa swala ya Lachisanu, ndipo nyumba zanu zikhale zoyamba kutsegulidwa. Madrasa amene ana amagonera komweko muwauze alangizi a zaumoyo kuti zipinda zogonamo zisaiwalike. Ngati m'dera lanu mudazolowera kupoperedwa koma Novembala wafika kuli zii, musangodandaula pakhonde. Funsani kudzera kwa mfumu, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, khansala ndi phungu wanu, kuti mudziwe ngati akubwera, ndipo ngati sakubwera, mudziwe chimene chakonzedwa m'malo mwake. Amene ali ndi udindo woyendetsa ntchitoyi nawonso asenza amana, ndipo kuwakumbutsa mwaulemu si kulakwa.

Kupopera sikuchotsa udindo wa masikito. Aliyense agone m'masikito usiku uliwonse, makamaka ana ndi amayi oyembekezera, komanso asodzi ogona m'misasa ya kugombe imene opopera safikako. Masikito si ukonde wokokolera usipa kapena mpanda wa dimba. Mwana akatentha thupi athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi, ndipo akapatsidwa LA amalize masiku onse atatu ngakhale aoneke kuti wachira. Mayi woyembekezera asaphonye Fansidar wa kusikelo. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa kwa ana m'maboma ena a dziko lino mu 2019, choncho funsani kusikelo ngati mwana wanu ayenera kulandira, ndipo akayamba amalize.

Kodi si kusowa chikhulupiriro?

Mkulu wina adandifunsa kuti, "Mwalimu, ngati Allah walemba kuti mwana adwale, khoma lingaletse?" Ndidamukumbutsa nkhani ya Khalifa Umar, Allah asangalale naye. Ali pa ulendo wopita ku Sham adamva kuti kumeneko kwabuka mliri. Atafunsa maganizo a maswahaba adaganiza zobwerera ku Madina ndi anthu ake. Abu Ubaida adadabwa, poona ngati uku ndi kuthawa chikonzero cha Allah, koma Umar adamufotokozera kuti kudziteteza nakonso kuli m'kati mwa chikonzero chomwecho. Msodzi amene amayedzamira kwa Allah sasiya kumata bwato lake likamadontha. Amamata, n'kulowa m'madzi atatchula dzina la Allah. Thupi la mwana ndi amana imene tidapatsidwa, ndipo tidzafunsidwa m'mene tidaisungira.

Choncho abale anga, mukamva mfumu ikulengeza tsiku lopopera, lembani tsikulo pamtima. Bambo, usiku umodzi wa usipa ungakudutseni, nyanja idzakhalapobe mawa. Mayi, tulutsani ziwiya m'mawa ndithu. Mnansi akakana, musamunyoze, mupiteni mwaulemu mukamufotokozere kuti khoma lake likusunga ana anu, ndipo lanu likusunga ake. Ndipo chaka chamawa, opopera akadzabweranso, tidzatsegulenso, chifukwa za chaka chino khoma lidzakhala litaiwala. Ine ndidzatsegula kaundula wanga mu Malichi, ndipo ndikupempha Allah kuti ndidzapeze maina onse ali pamalo pake.

Allah achize odwala athu, awachitire chifundo ana athu amene adatsogola, awapatse kupirira makolo awo, ndipo atipatse mvula ya madalitso yopanda matenda. Amin. Tidzakumananso m'kope likubwerali, Insha Allah.